Galu wa Pakhomo ndi Mtima wa Mwini Wake



Mutamva kuti ndikamba za ziweto ndi thanzi la munthu, ambiri mwa inu mwabwera mukuyembekezera nkhani ya mkaka, mazira ndi nyama. Nkhani imeneyo njofunika, koma si ya lero. Lero ndikamba za ziweto zimene sitikama, sitidya, ndipo sitithamangira nazo kumsika fizi ikavuta: galu, mphaka, ndi nkhunda zija mnyamata amaweta koma osalola kuti wina aikepo mpeni.

Ndiyambire kwathu. Bambo anga atamwalira, mayi anatsala okha kumudzi. Masiku a maliro pakhomo panali podzaza, koma titameta anthu anabalalika, ndipo ife ana tinabwerera kuntchito zathu kutauni. Uthenga unkatipeza unali wodetsa nkhawa. Mayi sakusonkha moto. Mayi akungokhala pakhonde. Wowapatsa chakudya akumabwerera nacho. Bambo anasiya galu wofiirira, wa makutu oimirira, amene ankapita naye kudimba m'mawa uliwonse. Mayi sankamukonda galu ameneyu. Pa zaka zonse mawu amene anali kumuuza anali amodzi okha: "Choka!" Koma galu sadziwa kuti kudimba kwatha. Tambala akalira ankafika pakhomo la mayi n'kumalira, kukanda chitseko. Mayi anayamba kusonkha moto kuti amutakasire phala la madeya, poti njala ya galu wa malemu inkawachititsa manyazi. Moto ukayaka, ankati bwanji ndingotereka kamphika kanga. Akatha kudya, galu ankalowera njira ya kudimba, kuima, kucheuka, kuyendanso pang'ono, kucheukanso. Tsiku lina mayi anatenga khasu n'kumutsatira.

Nditapita kukawaona patatha miyezi itatu, ndinawapeza akutonola chimanga, galu atatsamiritsa mutu pa phazi lawo, iwo akumufotokozera za mitengo ya feteleza. Ndinafunsa kuti, "Mayi, mwayamba kucheza ndi galu?" Iwo anandiyankha kuti, "Mwananga, nanga ndicheze ndi yani? Ameneyu ndiye amandidzutsa."

Zimene zinachitika pakhonde pamenepo anthu ophunzira akhala akuziyeza kwa zaka zoposa 40. M'chaka cha 1980, ku America, mayi wina wofufuza dzina lake Erika Friedmann pamodzi ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atatsatira odwala 92 amene anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha matenda a mtima. Ankafuna kudziwa kuti chaka chikatha ndani adzakhale moyo. Mwa odwala 53 amene anali ndi chiweto pakhomo, anamwalira atatu. Mwa odwala 39 amene analibe, anamwalira 11. Ofufuzawo anaganiza kuti mwina chinsinsi chili pa kuyenda ndi galu, choncho anachotsa eni agalu n'kuwerenga otsalawo, aja a amphaka ndi ziweto zina, ndipo kusiyanako kunaonekabe.

Anthu 92 ndi ochepa, ndipo wina angati zinangochitika. Koma tamvani za ku Sweden. Kumeneko lamulo limafuna kuti galu aliyense alembedwe m'kaundula wa boma pamodzi ndi mwini wake, monganso amalembera aliyense wogonekedwa m'chipatala ndi aliyense womwalira. Ofufuza a pa yunivesite ya Uppsala, Mwenya Mubanga, Tove Fall ndi anzawo, anaphatikiza makaundula amenewa n'kutsatira anthu oposa 3.4 miliyoni a zaka 40 mpaka 80 kwa zaka 12. Zotsatira zake zinatuluka mu 2017. Eni agalu ankamwalira mocheperapo poyerekeza ndi anzawo opanda agalu. Koma chimene chinandigwira mtima ine n'chakuti phindu lalikulu linali kwa anthu okhala okha m'nyumba. Pakati pa amenewa, chiopsezo cha imfa pa zaka zimenezo chinali chotsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kwa amene anali ndi galu. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira mayi anga.

Kodi galu amachita chiyani m'thupi la munthu? China n'chosavuta kuchimvetsa: amamuyendetsa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu aziyenda mwandawala kapena kugwira ntchito yotulutsa thukuta kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Mlimi amapitirira pamenepo Lachiwiri lisanafike, koma ganizirani za bambo wopuma pantchito ku Chilomoni kapena ku Area 25, amene ulendo wake wa tsiku ndi wochoka pabedi kupita pampando. Mphindi makumi awiri ndi zochepa chabe tsiku lililonse, akuzungulira ndi galu wake m'mawa kusanatenthe, zikwanira muyeso wonse uja.

China chimachitika munthu ali chikhalire. Kuno ku Africa konkuno, ku Pretoria, Johannes Odendaal ndi Roy Meintjes anatenga anthu ndi agalu, n'kuwauza anthuwo kuti akhale pansi, azimusisita galu, azimukanda kuseri kwa makutu, aziyankhula naye mofatsa. Anayeza magazi asanayambe ndiponso atatha. Zimene anafalitsa mu 2003 zinaonetsa kuti BP inatsika kwa munthu ndi kwa galu yemwe. Mwa anthuwo munatsikanso cortisol, madzi a m'thupi amene amachuluka munthu akakhala pa mantha kapena pa nkhawa. Cortisol ngwothandiza pamene ukuthawa njoka, koma akakhala wokwera miyezi ndi miyezi amakweza shuga ndi BP, amasokoneza tulo, ndipo amafooketsa chitetezo cha thupi. Pamene iye ankatsika, munakwera madzi ena otchedwa oxytocin.

Anamwino ndi azamba amene muli muno mukumudziwa bwino oxytocin. Ndi jakisoni uja mumabaya mayi akangobereka kuti chiberekero chikhwinyate, magazi asataike ambiri. Thupi limapanga lokha madzi amenewa. Ndi amene amatsitsa mkaka mwana akayamwa, ndipo ndi amene amamanga mtima wa mayi ku khanda lake pamene akuyang'anizana. Mu 2015 ofufuza a pa yunivesite ya Azabu ku Japan, Miho Nagasawa ndi Takefumi Kikusui, anaika agalu ndi eni ake m'chipinda kwa mphindi 30, n'kuyeza mkodzo wa onse awiri. Pamene galu ankayang'ana mwini wake m'maso nthawi yaitali, oxytocin ankakwera mwa munthuyo, munthuyo ankamusisita kwambiri galuyo, ndipo oxytocin ankakweranso mwa galu. Anayesa zomwezo ndi mimbulu yoleredwa ndi anthu kuyambira ili yaing'ono, mimbulu imene ndi makolo a agalu onse, koma iyo sinkayang'ana munthu m'maso, ndipo sizinachitike. Tsono galu, pa zaka zikwizikwi zimene wakhala pambali pa moto wathu, anaphunzira kugogoda pa khomo lomwe khanda limagogodapo. Galu wanu akamakuyang'anani mukudya, n'zoona kuti akufuna mbamu ya nsima, koma si zokhazo zimene zikuchitika.

Sindikufuna kukunamizani. Pali funso lolemera limene ofufuza ena, monga Hal Herzog wa ku America, akhala akufunsa: kodi galu ndiye amapatsa munthu thanzi, kapena munthu wathanzi kale, wa ndalama zake, wa miyendo yolimba, ndiye amaweta galu? Funsoli n'loona, ndipo kafukufuku wina sanapeze kusiyana kulikonse pakati pa oweta ndi osaweta. Amene anayesa kuliyankha mwachindunji ndi Karen Allen wa ku Buffalo. Iye anatenga anthu 48 ogwira ntchito yogulitsa masheya, ntchito yopanikiza mtima, onse odwala BP. Onse anapatsidwa mankhwala a lisinopril. Kenako mwa maere, theka la iwo linatenga galu kapena mphaka. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mankhwala anali atatsitsa BP ya onse akakhala phee. Koma akawapatsa ntchito yovutitsa mutu, monga masamu a pamtima, BP ya opanda chiweto inkalumpha kwambiri kuposa ya anzawo aja. Zimenezi zinafalitsidwa mu 2001. Taonani kuti palibe amene anasiya mankhwala. Mu 2013 bungwe la madokotala a mtima la American Heart Association linasanthula maumboni onse n'kunena mosamala kuti kuweta, makamaka galu, kukuoneka kuti kumayendera limodzi ndi kuchepa kwa matenda a mtima, koma linachenjeza kuti munthu asatenge galu ngati mmene amatengera botolo la mapiritsi. Ine ndikugwirizana nalo. Wa BP apitirize kumwa mankhwala ake, achepetse mchere, azipita kusikelo yake.

Nkhani ya BP si ya azungu. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Kusungulumwa nakonso kwatipeza. Tinkanyadira kuti kwathu kuno nkhalamba sigona yokha m'nyumba, koma pitani m'midzi muone. Ana ali ku Lilongwe, ena ku Joni, adzukulu ali kusukulu, ndipo gogo akuyankhula ndi munthu pokhapokha foni ikalira.

Apa ndipo pali mtima wa nkhani yanga. Agalu tili nawo kale, ambirimbiri. Palibe chifukwa choitanitsa agalu a ubweya wautali ochokera kunja. Galu wathu wamba uja, wopirira dzuwa, wodziwa njira ya kudambo, ndi wokwana. Koma phindu lonse ndafotokozali silichokera pa kukhala ndi galu. Limachokera pa kukhala naye. Onse aja a ku Pretoria ndi a ku Japan anali kumugwira galu, kumuyang'ana, kuyankhula naye. Nanga ife timatani? Kutauni timamumanga pa tcheni kapena kumutsekera m'kakhola ka malata tsiku lonse, dzuwa likuswa mtengo, kuti akwiye, ati ndiye adzaluma bwino akuba usiku. Ena amafika pomudyetsa tsabola. Kumudzi timamusiya adzionere yekha kudzala, ndipo akayandikira mphika alandira chikuni. Dzina lake lomwe tinalisandutsa chitukwano. Galu woteroyo akhoza kukutetezerani katundu, koma mtima wanu saufikapo, ndipo tsiku limene tcheni chidzaduke, woyamba kulumidwa adzakhala mwana wa pakhomo pomwepo kapena wa neba. Alonda enieni amadziwa kuti galu amene amakonda mwini wake ndiye amateteza pakhomo ndi mtima wonse.

Makolo athu sanali otalikirana ndi agalu chonchi. Mlenje ankadziwa galu wake aliyense ndi mauwidwe ake, ndipo pobwera ku uzimba ankamupatsa gawo lake. Amene anati galu wamkota sakandira pachabe anali munthu woti wakhala nthawi yaitali akumuyang'anitsitsa galu mpaka kumukhulupirira.

Komabe ndikudziwa chifukwa chimene mayi amakalipira mwana akamuona akukumbatira galu, ndipo sindingamudzudzule. Ndi chiwewe. Amene munaonapo mwana akumwalira ndi chiwewe, akuopa madzi pamene ludzu likumupha, simudzaiwala. Matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lapansi, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onse amawatenga kwa galu. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, palibenso mankhwala. Sindingaime pano n'kukuuzani kuti muzisisita agalu popanda kukamba za katemera. Kutero kungakhale kukuponyani m'dzenje.

Chosangalatsa n'chakuti njira yake ikudziwika, ndipo yayesedwa kwathu konkuno. Agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akabayidwa katemera chaka ndi chaka, kachilombo ka chiwewe kamasowa kolowera n'kuzilala. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a zaziweto a boma ndi a Blantyre SPCA, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Amene munali kumeneko mukukumbukira mizere ya pa masukulu a pulayimale, ndipo mukukumbukira kuti ambiri obweretsa agaluwo anali ana, ena atamanga galu ndi luzi, ena atanyamula tiana ta galu m'beseni kapena m'thumba. Zaka zotsatira, madokotala a ana pa chipatala cha Queen Elizabeth anaona kuti ana obwera ndi chiwewe achepa kwambiri. Ku Lilongwe a LSPCA akugwira ntchito yofananayo. Mizere ija inandiphunzitsa kanthu kena: ana athu amawakonda kale agalu. Akulu ndife timawaletsa, chifukwa cha mantha oyenera. Katemera amachotsa chifukwa cha manthawo.

Alangizi, pa ichi chokha ndikupemphani mubwereze m'mudzi uliwonse mpaka anthu atatopa nanu. Munthu akalumidwa kapena kukalidwa ndi galu, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osathira mchere, dothi kapena ubweya wa galuyo, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, a vetenale nawonso adziwitsidwe. Asadikire kuona ngati bala lipola, pakuti bala limapola kachilombo kali paulendo wopita ku ubongo. Katemera wa munthu wolumidwa si wachilendo: Louis Pasteur anamubaya koyamba mu 1885 kwa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, ndipo anapulumuka. N'chifukwa chake tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe limakhala pa 28 September, tsiku limene Pasteur anamwalira. Ana aphunzitsidwenso kuti galu akamadya, akagona, kapena akamayamwitsa, samuputa, ndipo galu wachilendo akawathamangira aime chilili ngati mtengo, manja atapinda, osathawa. Zina n'zodziwika: mankhwala a njoka zam'mimba, kusambitsa galu kuti nkhupakupa ndi utitiri zichoke, kusamba m'manja musanadye, ndiponso kuti mayi woyembekezera asamawole chimbudzi cha mphaka.

Galu wobayidwa katemera ndi wosamalidwa ndi mnzake wabwino wa mwana. Ku Sweden komwe kuja, Tove Fall ndi anzake anapeza mu 2015 kuti ana amene anakhala ndi galu pakhomo m'chaka chawo choyamba ankadwala mphumu mocheperapo pofika msinkhu wa sukulu, ndipo kwa ana okulira pafupi ndi ziweto za pafamu chiopsezocho chinatsika pafupifupi ndi theka. Zikuoneka kuti thupi la khanda likakumana msanga ndi tizilombo tosiyanasiyana ta m'fumbi ndi mu ubweya, chitetezo chake chimaphunzira kusiyanitsa mdani ndi mlendo wabwino. Koma mwana amene ali kale ndi mphumu, ndipo ubweya wa mphaka umamubanikitsa, ameneyo atalikirane naye.

Palinso ana amene mawu anawathawa chifukwa cha zimene anaona. Dokotala wa maganizo a ana wa ku New York, Boris Levinson, anali ndi mnyamata wina amene sankayankhula ndi wina aliyense. Tsiku lina mnyamatayo anafika msanga n'kupeza galu wa dokotalayo, Jingles, ali mu ofesi. Anayamba kuyankhula ndi galuyo, ndipo kudzera mwa galuyo dokotala anapeza polowera. Levinson analemba za zimenezi mu 1962, anzake ena akumuseka. Lero m'maiko ambiri agalu ophunzitsidwa amalowa m'zipatala ndi m'nyumba zosungira okalamba. Ndipotu nzeruyi inayamba kale: chipatala cha odwala misala cha York Retreat ku England, chimene chinatsegulidwa mu 1796, chinkasunga akalulu ndi nkhuku m'mabwalo ake kuti odwala azizisamalira. Inu amene mumayendera ana amasiye, mukapeza mwana wosayankhula koma ali ndi kagalu kake kapena nkhunda zake, musathamangire kumufunsa za malemu amayi ake. Mufunseni dzina la galuyo. Mufunseni kuti nkhunda iti ndiyo yaikira.

Nkhunda ndazitchula dala. Akuluakulu amati nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu. Mnyamata amene amadzuka m'mawa kukathira madzi m'chigoba, kuwaza mphale, kuwerenga ngati zonse zabwera madzulo, akuphunzira kuti pali chamoyo chimene chikudalira iye. Ndi mankhwala omwe aja anadzutsa mayi anga. Mphaka naye tamunamizira zambiri. Gogo akakhala yekha ndi chona wake, pamapezeka anthu onong'ona za ufiti, chonsecho mphakayo akuteteza nkhokwe ku makoswe ndipo usiku wa mwezi wa June ndiye yekha amene akufunditsa mapazi a gogoyo. Mafumu, manong'onong'o otere akafika pabwalo panu, muziwazimitsa msanga, chifukwa mukudziwa kumene amathera.

Kwa inu a zaumoyo ndili ndi pempho laling'ono. Mukamafunsa wokalamba kuti, "Agogo, mumakhala ndi yani?" iwo n'kuyankha kuti, "Ndekha," onjezani funso lina: "Nanga chiweto chilipo?" Ngati chilipo, funsani ngati chinabayidwa, ndipo auzeni tsiku la katemera. Mukawagoneka m'chipatala n'kuona kuti akukakamira kutuluka asanachire, mwina nkhawa yawo ndi galu amene watsala wopanda womupatsa chakudya. Tumani uthenga kwa neba. Ndipo inu ana amene mumatenga makolo kupita nawo kutauni, musamangoti galuyo atsale, ndi galu chabe. Kambiranani nawo.

Galu wa bambo anga anakhala ndi mayi zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka chilichonse a vetenale akalengeza za katemera, mayi ankamumanga ndi kansalu pakhosi n'kupita naye okha, ndipo kapepala ka katemerako ankakasunga m'buku lawo la nyimbo pamodzi ndi buku la kuchipatala. Atakalamba n'kufa, mayi anaitana anyamata awiri kuti akumbe dzenje kuseri kwa nkhokwe, ndipo anakana zoti akamutaye kuthengo. Anandiimbira foni madzulo ake. Sanalire, koma mawu awo anali otsika. Tinakambirana za mvula ndi za mbewu, kenako anati, "Galu wa kwa a mfumu waswa ana asanu. Ndawauza andisungire kamodzi kakakazi. Ukamabwera undigulireko kambale kachitsulo, kaja kakale kanabooka."